A Nankhoma Agona Kumtunda Lero

Tamanda mwana wanga,

Lero ndi Lamulungu masana, ndipo iwe uli m'tauni kokalukitsa tsitsi. Mbale ndatsuka, zovala za kutchalitchi ndapachika, mitambo nayo yayamba kale kuunjikana cha ku Centurion monga imachitira mwezi uno. Kalatayi ndiisiya pamwamba pa sutikesi yako, ija wakhala ukuilambalala sabata yonse ngati muli njoka. Ukafika uyambe wawerenga usanatsegule pakamwa. Ukundidziwa ine, ndikafuna kunena zachikondi pakamwa pamatuluka zokalipa, ndiye bola pepala.

Lachitatu lija tikusenda anyezi unayankhula osandiyang'ana. "Eish, Amayi, mwina ndidikireko chaka chimodzi. Yunivesite sithawa. Nanga a Nankhoma aziwakankha ndani?" Ine misozi ndinanamizira anyezi. Basi ya ku Cape Town inyamuka mawa madzulo, tikiti ili m'Baibulo langa, malo ako ophunzira uinjiniya akukudikira, ndipo iwe ukufuna kuzisiya zonsezi chifukwa cha bondo la mayi ako ndi galimoto yopanda sitata. Chabwino, tiye tikambirane za a Nankhoma, kabaki kathu, kapikapu kakalekale kamene bambo ako anakapatsa dzina la azakhali awo, poti nawonso sankadzuka m'mawa popanda wowanyengerera. Amakaniko a ku Pretoria West onse anawagwirapo, onse anakweza manja. Sitata ukaika yatsopano imalira masabata angapo, kenako zii. Ndiye kuyambira chaka chimene bambo ako anatisiya, m'mawa uliwonse ine ndimakhala pa chiwongolero, iwe kumbuyo, kukankha kuchokera pageti mpaka pakona ya kagolosale kaja ka sipaza pamene msewu umayamba kutsetsereka.

Tchuthi chonsechi wakhala ukubwereza fizikisi, poti akuti mukangofika akuyesani za mphamvu ndi kayendedwe ka zinthu. Kawerengedwe kako ndi komwe kaja ka ukadali wamng'ono: sumvetsa kanthu mpaka utandiphunzitsa ine. Ndiye ine, wa Fomu 2 wa ku Ntcheu, ndakhala ndikuphunzira za kuyunivesite mpeni uli m'manja, iwe ukujambula timivi pa chikatoni cha tomato. Unkaganiza kuti ndikungogwedeza mutu kuti usangalale. Ayi, ndinkamva. Lero ndiye tsiku la mayeso anga, uwerenge undichonge.

Ndiyambe ndi nyemba. Nditangoyamba kugulitsa chakudya chamasana kumagalaja, laisensi idakali yatsopano m'chikwama, mapoto ndinkangowasanja kumbuyo osawamanga. Ndinkati zinthu zolemera chonchi zingapite kuti. Tsiku lina pa maloboti a kufupi ndi njanji takisi inandidulira kutsogolo, ine n'kuponda buleki ndi mtima wonse. A Nankhoma anaima. Ine ndinaima. Koma nyemba palibe amene anaziuza kuti taima, zinapitiriza ulendo. Ndinangomva khwaa, ndipo pocheuka galasi lakumbuyo linali lofiira, nyemba zikutsika pang'onopang'ono imodziimodzi, dzuwa likuwala kudutsa mumsuzi. Kunena zoona zinali zokongola, ndinakhala ndikuziyang'ana mpaka a kumbuyo anayamba kuliza mahutala. Dalaivala wa takisi uja anangotulutsa dzanja mopepesa, "Askies, Mama!" n'kumapita. Zaka zonsezi ndinkati anali Satana amene sankafuna bizinesi yanga. Iwe mwezi watha unandiuza kuti Satana analibe mlandu. Unati chinthu chimene chikuyenda chimapitirizabe kuyenda mpaka china chitachiimitsa, ndipo buleki yanga inagwira matayala okha, osati nyemba.

Sabata ino nyemba zija zakhala zikundibwerera m'maganizo. Iwe wakhala uli paulendo kuyambira tsiku limene unandifunsa chifukwa chake madzi satayika m'ndowa ukaizunguza mwachangu, mano akutsogolo ataguluka. Ukaponda buleki lero, thupi lako liima ndithu, lizisenda anyezi, lizindimwetulira. Koma zimene zili m'mutu mwakomo siziima, mwana wanga, zitayika, ndipo wokolopa ndidzakhala ine. Usaiwale zimenezo. Ukakafika uko zinthu zako uzimanga msanga msewu usanakudzidzimutse. Upeze tchalitchi sabata yoyamba yomweyo, upeze mnzako mmodzi amene angakufunse ngati wadya, ndipo udziwe nthawi yako yogona.

Mbali inayo ya lamulo lomwelo ndiye ndimaidziwa ndi thupi langa. Unati chinthu chimene chaima chimakhala chiimire mpaka china chitachikankha. Ndili Fomu 2 agogo ako anadwala nthawi ya dzinja, ndipo ine ndinati ndisiye kaye sukulu chaka chimodzi ndiwasamale. Mawu ake anali omwewo, Tamanda, ngati unali pawindo kumvetsera. Agogo ako anachira chimanga chisanaume, anayambanso kupita okha kudimba. Palibe amene anandiletsa kubwerera kusukulu. Kungoti palibenso amene anandikankha, ndipo ine ndinali nditakhazikika bwino. Yunifolomu yanga anaichepetsa n'kupatsa mng'ono wanga, mabuku anga chiswe ndicho chinamaliza kuwerenga. Sindikudandaula, moyo wanga ndimaukonda, ndipo m'njira imeneyo ndimo ndinakumana ndi bambo ako. Koma chaka chimodzi chimenecho ndimachidziwa nkhope. Chimafika mwaulemu, chimakhala pampando, ndipo changa mpaka lero sichinatsanzike.

Ukukumbukira m'mawa woyamba umene tinayesa awiriwiri? Alendo a pamaliro anali atapita, m'nyumba muli zii, ndipo iwe unatuluka ndi yunifolomu ya sukulu, timiyendo tako ngati mapesi. Unaika phewa kumbuyo n'kukankha. A Nankhoma osasuntha. Unakankhanso, nsapato zikuterereka pamiyala, mpaka unalira. "Amayi, ndilibe mphamvu ine. Adadi akanakhalapo." Ine pa chiwongolero nanenso ndikulira, ndikuti Mulungu watisiya akazi awiri ndi chitsulo. Kenako dzanja langa linagwera pambali n'kukhudza handibuleki. Inali m'mwamba. Ndinatulutsa mutu pawindo n'kukuuza, ndipo iwe unakhala pansi pamsewu pomwepo n'kuseka mamina ali mbwee. Kanali koyamba kuseka m'nyumba mwathu chichokereni bambo ako. Titayesanso unavutika pa mapazi oyambirira okha, kenako galimoto inayamba kukumvera.

Posachedwapa unandionetsa zomwezo ndi filiji. Unati zinthu ziwiri zogundana zimakanirirana, ndipo zimakanirira kwambiri pamene sizinayambe kusuntha. Ukangoigonjetsa poyambira, filiji imabwera yokha ngati yachita manyazi. Ndiye tamvera. Teremu yoyamba idzakhala poyambira. Udzakhala m'kalasi ndi ana ochokera ku masukulu a mabwalo aakulu, oyankhula Chingerezi chodutsa m'mphuno, ndipo tsiku lina pepala lidzabwera ndi malikisi amene sunawaonepo chibadwire. Usadzathamangire kunena kuti ulibe mphamvu. Uyambe wayang'ana ngati pali handibuleki imene wina waiwala. Mwina ndi njala, mwina ndi tulo, mwina ndi kanthu kakang'ono kamene sunamve tsiku loyamba ndipo ukuchita manyazi kufunsa. Uzifunsa, Tamanda. Ugogode pa chitseko cha mphunzitsi, sanalembedwe ntchito kuti azikongoletsa ofesi. Iwe vuto lako ndi loti umakankha mwakachetechete mpaka kulira, unatengera bambo ako.

Tsopano ndikuuze za loto, koma ndiyambe ndi kumene linachokera. Mwezi uja mitengo ya jakaranda inachita maluwa, tauni yonse ili bii ndi mtundu wa pepo, tinali chilili pa renki kudikira takisi. Duwa limodzi linathothoka pamwamba pathu nthawi yomweyo imene makiyi anandipulumuka m'manja. Makiyi anafika pansi kalekale, duwa likadali m'mwamba kuzungulirazungulira ngati silikudziwa kumene likupita. Ine ndinati, waona, cholemera chimagwa msanga. Ndinanena motsimikiza, poti ndi zimene ndakhala ndikukhulupirira moyo wonse, za zinthu ndi za anthu zomwe. Iwe unati ayi Amayi, ndi mpweya umene ukulinyamula duwalo, kukanakhala kopanda mpweya duwa ndi makiyi zikanafika pansi limodzi. Ndiye unaloza mwezi umene unali utatuluka masanasana pakati pa nyumba zazitali zija, woyera ngati mbale yosweka. "Uwonso ukugwa, Amayi. Ukugwera kuno nthawi zonse, kungoti ukuthamangiranso cham'mbali, ndiye dziko umangoliphonya." Ndinakuyang'ana n'kuganiza kuti mwana ameneyu ndinabereka ine ndithu kapena anandisinthira kuchipatala. Unawonjeza kuti kumwamba kumeneko kulibe chokanirira, chinthu ukachikankha kamodzi chimapita mpaka kalekale.

Sabata yomweyo ndinalota a Nankhoma ali kumwamba. Msewu kunalibe, matayala ankangozungulira pang'onopang'ono pa mdima wofewa, injini osalira, palibe wokankha. Bambo ako anali pa chiwongolero, chigongono chili pawindo monga ankachitira, akuimba kamluzu kawo kaja kopanda mutu. Kumbuyo mapoto anali osamanga koma palibe chimene chinatayika, nthunzi inkangokwera n'kukhala pamwamba pathu ngati ambulera. Mozungulira ife munkagwa maluwa a jakaranda pamodzi ndi masipanala, mabawuti, makiyi anga, zonse pa liwiro limodzi, modekha, palibe chopitirira chinzake. Pansi patali ndinkaona magetsi a Pretoria, njanji ikunyezimira, ndi kadenga kathu. Ndinafunsa bambo ako kuti watikankha ndani. Iwo anangoseka, amvekere, "Kalekale, mayi a Tamanda, kamodzi kokha." Iwe sunali m'galimoto. Unali kutsogolo, ukuyenda wapansi pamwamba pa mitambo ndi chikwama cha mabuku, ndipo sunkacheuka. Chodabwitsa n'chakuti sindinachite mantha. Ndinadzuka mtima uli mbee, ndipo tsiku limenelo nkhuku ndinathira mchere wokwanira bwino.

Sindine womasulira maloto. Koma kuyambira pamenepo ndikaona mwezi ndimaupatsa moni ngati mnzanga. Nawonso ukugwa tsiku ndi tsiku ndipo sunafikebe pansi. Iwe ndi ine takhala chimodzimodzi zaka zonsezi, anthu ankati tigwa mawa, tigwa mkuja, ife n'kumangoliphonya dziko. Ndiye ukakhala uko mabuku akakulemera, uzituluka panja n'kuyang'ana kumwamba. Fizikisi yako sinayambire pa pepala, inayambira m'ndowa ya madzi. Usalole kuti mayeso akulande kudabwa kwako kuja, chifukwa n'kumene ndimakukondera kwambiri.

Cholakwa changa chachikulu pa zonse, chimene mpaka lero anthu a mumsewu muno amandiseka nacho, ndi cha tsiku la msonkhano wa amayi. Iwe unali utalawira ku mayeso. Mvula inali itagwa usiku wonse, pageti pali matope okhaokha, ndipo ine ndi a Nachisale, mnzanga wa kukwaya uja, tinali titavala zoyera kuyambira duku mpaka nsapato. Amuna awo anakhala pa chiwongolero kuti ife tikankhe. Tinayang'ana matope, tinayang'ana nsapato, ndipo ine ndinabwera ndi nzeru. Ndinati, "Asisi, tikwere kumbuyoku, tizikankha denga la kutsogololi tili pouma." A Nachisale anati koma inu muli ndi mutu. Tinakwera, tinaika manja, tinawerenga mpaka katatu, n'kukankha. Palibe chinachitika. Tinakankhanso mpaka maduku kupendama, a Nachisale anayamba ndi pemphero lomwe. A Nankhoma ali phee ngati akumvetsera ulaliki. Anyamata a pasipaza anagwirana mapewa ndi kuseka, ndipo bambo aja anatulutsa mutu pawindo. "Azimayi inu, tatsikani! Munaona kuti munthu akukankha galimoto ali momwemo?" Tinatsika, nsapato zinalowa m'matope mpaka m'kakolo, ndipo galimoto inayenda.

Madzulo nditakufotokozera unaseka mpaka ntchirichiri kukugwira, kenako unatenga chikatoni n'kujambula timivi tako. Unati manja athu ankakankhira galimoto kutsogolo, koma mapazi athu ankaikankhira kumbuyo ndi mphamvu yofanana, ndiye zinkangothana zokhazokha. Unati wokankha ayenera kukhala kunja, mapazi ali pa nthaka. Unatinso chilichonse chimene ukuchikankha nacho chimakukankha mofanana, n'chifukwa chake mapewa ako amawawa ngakhale kuti galimoto ilibe manja. Nthawi imeneyo ndinangoti chabwino aphunzitsi. Lachitatu ndi pamene ndinamvetsa bwino.

Tamanda, ine sindingakukankhe uli m'nyumba mwanga momwemuno, tikudyera mbale imodzi, ndili pouma. Ndakhala ndikulakalaka kutero, sindikubisira. Ndimafuna upite patsogolo koma ndizikumvabe ukutsokomola kuchipinda. Sizitheka. Mmodzi ayenera kutsika n'kuponda matope, ndipo ameneyo ndi ine. Ndipo usaganize kuti poti ndikukukankha ndiye kuti sizikundipweteka. Lamulo lako lomwe lija likunena zoona: mmene ndikukukankhira, iwenso ukundikankha pachifuwa pomwepa mofanana. Ndidzakusowa koopsa. Ndidzasowa phokoso la masilipasi ako, ndidzasowa wondiuza kuti tiyi wanga ndi shuga wokhala ndi madzi pang'ono. Koma kuwawa kumeneko ndi umboni woti dzanja langa lakukhudza, ndiye usandilande.

Ndikudziwa, ukuwerenga uku ukuti zonsezi n'zabwino Amayi, koma Lachiwiri m'mawa galimoto idzayenda bwanji. Unali funso labwino, ndipo yankho unandipatsa wekha osadziwa. Tsiku lina unanyamula chidebe cha ufa n'kuchiika pamwamba pa kabati. Unati mphamvu imene wagwiritsa ntchito pochikweza sinatayike, yangobisala mu utali, ikudikira, ndipo tsiku limene chidzagwe idzatuluka yonse. Ine ndinati chitsitse msanga chisanatiphe. Koma Lachinayi, iwe utapita m'tauni kukadinditsa mapepala ako, ndikuchokera kumagalaja ndinaima pageti injini ikulira, ndinayang'ana kamsewu kaja kokwera kuseri kwa nyumba yathu. Zaka zonsezi timagoneka a Nankhoma pansi pa chitunda n'kumawakankha pa malo afulati, chitunda chili pomwepo kutiyang'ana. Ndinaika giya n'kukwera.

Pamwamba penipeni pali nyumba ija ya geti lobiriwira, ya a Ntate Molefe, agogo aja amakhala pakhonde ndi wailesi. Ndinatsika n'kusiya injini ikulira, n'kuwapatsa moni m'chiyankhulo chawo. "Dumela, Ntate." "Agee, Mma. Imeneyi si galimoto ija ya mapemphero? Ndimakuonani m'mawa uliwonse ndili pano, inu ndi mtsikana wanu." Ndinawauza kuti mtsikanayo akupita kusukulu, ndipo ndikufuna malo okwera oti galimoto izigona itayang'ana kumunsi. Anazimitsa wailesi. Anati galimoto yawo anagulitsa maso atayamba kuvuta, ndiye kuseri kwa geti kwangomera udzu. Nditafunsa kuti ndiziwathokoza bwanji anakweza dzanja mokana. "Aowa, Mma. Koma fungo la nkhuku yanu limakwera phiri lino tsiku lililonse, ine ndikudya buledi wouma." Ndiye tinagwirizana za mbale imodzi, ya ntchafu, ndi nyemba pambali.

Ndinatembenuza galimoto, ndinaiyang'anitsa kumunsi, n'kuzimitsa injini. Mwana wanga, sindinadziwe kuti pamwamba paja pamaoneka chonchija. Madenga onse a Pretoria West anali pansi panga, njanji, machumuni, ndi nyumba zazitali za m'tauni zikuyandama mu nthunzi ya dzuwa. Kunali zii, ndinkamva njiwa zokha. Ndinaponda kalachi, ndinaika giya yachiwiri, ndinatsitsa handibuleki, ndipo ulendo uno ndinaiyang'ana kawiri. Poyamba palibe chinachitika. Kenako timiyala tinayamba kuyankhula pansi pa matayala, pang'onopang'ono, ndipo mpanda unayamba kubwerera m'mbuyo. Ndinayang'ana pa galasi mwachizolowezi kuti ndione chipumi chako. Munalibe munthu, a Ntate okha atanyamula chipewa m'mwamba. Zinali ngati loto lija, kuyenda popanda phokoso, popanda wotuluka thukuta. Chapakati pa chitunda, pa nyumba ija ya agalu, ndinachotsa phazi pa kalachi, a Nankhoma anatsokomola kamodzi, n'kulira. Ndinazungulira n'kukweranso, ndinazimitsanso, ndinatsikanso. Ndinabwereza mpaka a Ntate anandifunsa ngati ndabwera kudzasunga galimoto kapena kudzasewera.

Ndiye zikhala chonchi. Madzulo ndizikweza galimoto injini ikadali yamoyo, mphamvu izigona mu utali monga unanenera. M'mawa ndikamaliza kuphika ndizikwera wapansi chimanjamanja, pang'onopang'ono, ndipo asisitala a kukiliniki akhala akundiuza kale kuti bondoli likufuna kuyenda, osati kulisisita. Ndizitsika nayo, ndiziima pageti injini ikulira, n'kupakira mapoto, omanga. Masana kumagalaja anyamata a kumeneko azindikankha monga amachitira akakhuta, sanayambe akanapo. Waona? Ntchito yako yatha, mwana wanga. Wachotsedwa ntchito, ndipo wakuchotsa ndi chitunda.

Zotsalazi ndi zazing'ono koma uzimve. Akuti ku Cape Town kuli mphepo yogwetsa munthu, ndiye uziyenda miyendo ili motalikirana ndipo chikwama chizikhala pafupi ndi thupi, unanena wekha kuti chinthu chotambalala pansi sichigwa msanga. Majuzi awiri aja utenge onse, usanditsutse. Uzidya, Tamanda, tiyi si chakudya. Mnyamata akabwera ndi mawu okoma, uone ngati amafunsa za mabuku ako kapena amangowasuntha kuti akhale. Anthu akakufunsa kwanu usamazengereze, unene kuti ndiwe Mmalawi wokulira ku Joni, zonse ziwiri n'zako. Ndipo chachikulu, maphunziro anga asaime. Ukaphunzira chinthu chatsopano chimene chikukuzunguza mutu, utsegule foni undijambulire mawu, undifotokozere m'Chichewa monga umachitira pano. Ndizimvetsera ndikusenda anyezi, ndipo pamene sindinamve ndizikubwezera kuti ubwereze. Ukadzaona kuti mayi ako amvetsa, udziwe kuti mayeso wakhoza kale. Ine Fomu 2 ndinaisiya pakati, koma iyi ndikufuna ndiimalize nawe.

Mvula ija yayamba kudontha pa malata, ndipo ndikudziwa kuti sunatenge ambulera. Ukalowa mwina waona kale kuti pabwalo palibe galimoto. Usachite mantha, sanabe. A Nankhoma agona kumtunda lero, ndinawakweza tikuweruka kutchalitchi iwe utangokwera takisi.

Mawa m'mawa tidzuke tonse, tikwere chitunda chija limodzi, iwe uzindidikira bondo likavuta. Tikafika ukhale pa chiwongolero ndiwe. Giya yachiwiri, kalachi pansi, handibuleki uiyang'ane kawiri, mwana wa mayi ako. Galimoto sifuna wokankha paja, ndayesa ndaona, koma undilole ndiike dzanja langa kumbuyo, pamalo paja penti inasuluka ndi phewa lako. Zaka zonsezi iwe wakhala ukuona msana wa galimoto ikukusiya pamsewu, ine osadziwa kuti zimaoneka bwanji. Ndikufuna ndizione kamodzi m'mawa, dzuwa likuwala, kuti madzulo pa siteshoni ya basi zisandidzidzimutse.

Ukamva injini yalira usaponde buleki, ndipo usandifunefune pa galasi. Ndidzakhala ndili chilili pakati pa msewu, ndikupukuta manja pa chitenje, mapazi anga ali pa nthaka. Iwe uzipita.

Sutikesi ndayamba kale kulongedza, majuzi ali pansi. Zotsalazo umalize wekha.

Ndine wophunzira wako woyamba,
Mayi ako